Imelo Yabwerera: Seva Ikalowa pa Blacklist Zimakhala Bwanji?

Mukatumiza imelo, pali zinthu zitatu zimene zingaichitikire. Ikhoza kufika bwinobwino kwa mwini wake. Ikhoza kugwera mu foda ya spam, kumene anthu ambiri sasuzumirako. Kapena ikhoza kukubwererani pasanathe mphindi imodzi, itanyamula chiganizo chachitali cha Chingerezi chokhala ndi nambala ngati 550 kapena 554. Nthawi zina mumakhala kuti mwangophonya chilembo chimodzi polemba adiresi, ndiye zimenezo sizivuta. Koma mukaona m'chiganizomo mawu akuti "blocked" kapena "listed", dziwani kuti nkhani ndi ina. Mukatumizanso ibwereranso, ngakhale mutagula bandulo ina, ngakhale mutakwera pachulu kusaka netiweki. Kalata yanu ilibe mlandu. Imene yapalamula ndi kompyuta yomwe yanyamula kalatayo, ndipo nambala yake yalembedwa m'buku la okanidwa.

Lero ndikufuna tione buku limeneli: amalilemba ndani, kompyuta imalowamo bwanji, ndipo amene amaiyang'anira amachita chiyani kuti itulukemo.

Ulendo wa kalata

Imelo siichoka pa foni yanu n'kulunjika pa foni ya mnzanu. Imayamba yapita ku kompyuta imene siizima usana ndi usiku, yomwe timaitcha seva. Seva imeneyo ndiyo imafunafuna seva ya wolandira n'kuipatsira kalatayo. Maseva awiriwa amalankhulana motsatira malamulo otchedwa SMTP, amene Jon Postel anawalemba mu 1982. Kukambirana kwake n'kwaulemu ndithu, ngati kwa mlendo amene wafika pakhomo. Seva yotumiza imaodira n'kutchula dzina lake. Kenako imanena kuti kalata yachokera kwa uje, ikupita kwa uje. Yolandirayo ikavomera imayankha ndi nambala 250, kutanthauza kuti chabwino, pitirizani. Ikayankha ndi nambala yoyamba ndi 4, ndiye kuti panopa ayi, mubwerenso nthawi ina. Nambala yoyamba ndi 5 ndi kukana kotheratu, ndipo ndi imene imakubwezerani kalata yanu.

Malamulowa analembedwa intaneti idakali kamudzi kakang'ono ka mayunivesite ndi malo a kafukufuku, kumene anthu ankakhulupirirana. N'chifukwa chake mulibe njira yotsimikizira kuti amene akuti watumiza kalata ndi yemweyodi. Zili ngati envulopu ya ku positi ofesi: kumbuyo kwake mukhoza kulemba dzina la ahedi a pasukulu panu, palibe adzakufunsani chitupa. Koma pali chinthu chimodzi chimene seva yotumiza siingabise, ndicho adiresi yake ya IP. Imeneyi ndi nambala imene kompyuta imadziwika nayo pa intaneti. Ya mtundu wakale, umene maseva ambiri a imelo akugwiritsabe ntchito, imakhala ndi zigawo zinayi, chilichonse kuyambira 0 mpaka 255, mwachitsanzo 192.0.2.10. Seva itati iname pa nambala imeneyi, mayankho aja a 250 angapite kwina, ndipo kukambirana kungathere panjira. Ndiye poti dzina la wotumiza n'losadalirika, akatswiri anaganiza zoti mbiri, kaya yabwino kaya yoipa, aziimangirira pa adiresi ya IP. Mfundo imeneyi muigwire, chifukwa zonse zikubwerazi zatsamira pamenepa.

Buku la okanidwa

Makalata osafunika si a lero. Pa 3 May 1978, Gary Thuerk, wotsatsa malonda ku kampani ya Digital Equipment Corporation ku America, anatumiza uthenga wotsatsa makompyuta kwa anthu pafupifupi 400 pa ARPANET, kholo la intaneti ya lero. Anthu anakwiya kwambiri. Dzina loti spam linabwera pambuyo pake. Spam ndi nyama ya m'chitini ya kampani ya Hormel, ndipo mu 1970 gulu la nthabwala la ku Britain lotchedwa Monty Python linachita sewero la pa TV la lesitilanti imene pafupifupi chakudya chilichonse chinali ndi nyama imeneyi, dzina lake likubwerezedwabwerezedwa mpaka anthu osamvananso. Chinthu chobwera chambirimbiri musanachipemphe chinatengera dzina pamenepo.

Chimene chimachulukitsa spam ndi masamu osavuta. Kalata ya pepala imafuna sitampa, ndiye wotumiza makalata 1,000,000 amagula masitampa 1,000,000. Imelo ilibe sitampa. Wachinyengo akhoza kumwaza mauthenga mamiliyoni pa mtengo wochepa kwambiri, ndipo ngakhale atapusitsika anthu khumi okha, iye wapindula. Mtolo wonse amasenza ndi olandira. Pofika m'ma 1990 mtolowu unali utalemera, ndipo mu 1997 Paul Vixie ndi Dave Rand anayambitsa mndandanda wa maadiresi a IP ofalitsa spam, wotchedwa RBL. Chaka chotsatira, mu 1998, Steve Linford anakhazikitsa bungwe la Spamhaus ku London, ndipo SpamCop inayambanso chaka chomwecho. Mindandanda yotereyi ndi imene imatchedwa blacklist. Masiku ano ambiri akumaitcha blocklist, koma chinthu chake n'chimodzimodzi.

Pali kanthu kamene ambiri amasokoneza. Spamhaus siigwira kalata yanu, siionanso n'komwe. Ntchito yake ili ngati ya monita wa m'kalasi amene amalemba mayina a olongolola. Monita sapereka chibalo. Amangopereka pepala, ndipo mphunzitsi ndiye amasankha kaya alange kaya angoseka. Chimodzimodzi, mwini seva yolandira ndiye amasankha monita amene akumukhulupirira. Mindandanda ilipo yambiri, ina palibe amaiwerenga. Koma wa Spamhaus amaukhulupirira ndi maseva ochuluka zedi, moti mukalowamo, makomo ambirimbiri amatsekeka pa ola limodzi.

Mmene seva imafunsira kwa monita ndi pamene ine pamandisangalatsa kwambiri, chifukwa akatswiri sanapange chida chatsopano. Anabwereka chakale. Pa intaneti pali dongosolo lotchedwa DNS, limene lili ngati buku la manambala la mu foni yanu: mumapereka dzina, monga wikipedia.org, ilo n'kukubwezerani nambala ya IP. DNS imayankha mwachangu kwambiri, ndipo kompyuta iliyonse imadziwa kale kuifunsa. Ndiye taonani nzeru yake. Seva ya 192.0.2.10 ikaodira, yolandira imatembenuza zigawo zinayi zija kuyambira kumapeto, n'kuwonjezera dzina la mndandanda, kukhala 10.2.0.192.zen.spamhaus.org. Kenako imafunsa DNS ngati dzina limeneli liliko. DNS ikati kulibe dzina lotero, ndiye kuti mlendoyo sanalembedwe, alowe. Ikabweza nambala yoyamba ndi 127, ndiye kuti ali m'buku, ndipo chigawo chomaliza chimanena mlandu wake. Yankho la 127.0.0.2 likutanthauza kuti adiresiyo ili pa SBL, mndandanda wa magwero a spam. La 127.0.0.4 ndi la XBL, makompyuta amene alowedwa ndi pulogalamu yoipa ndipo akugwiritsidwa ntchito eni ake osadziwa. Zonsezi zimatha kalata yeniyeniyo isanayambe n'komwe kutumizidwa.

Yankho la 127.0.0.10 kapena 127.0.0.11 ndi la PBL, ndipo umenewu si mlandu ayi. Mmenemo muli maadiresi a intaneti ya m'nyumba ndi ya pa foni, amene sayenera kutumiza imelo mwachindunji osadzera pa seva. Mukadzapeza IP ya foni yanu mmenemo musadzadandaule. Gmail yanu imachoka pa maseva a Google, osati pa foniyo.

Nanga monitayo amadziwa bwanji wolongolola? Njira yoyamba ndi misampha. Mabungwewa amapanga maadiresi a imelo amene si a munthu aliyense, n'kuwabisa pa mawebusaiti pamene munthu sangawaone, koma pulogalamu yotolera maadiresi ikhoza kuwatola. Adiresi yoteroyo sinalembetsepo kanthu kulikonse. Ndiye kalata iliyonse yofikako ndi umboni woti wotumizayo anatola kapena kugula maadiresi. Misampha ina ndi maadiresi akale amene eni ake anawasiya kalekale. Amayamba abweza makalata kwa nthawi yaitali, kenako amasandutsidwa msampha, kuti agwire amene amangotumiza osaona kuti kulibenso munthu. Njira yachiwiri ndi madandaulo a anthu, ndipo tibwererako.

Nsomba ikawola imodzi

Tsopano tifike pa seva yeniyeniyo. Tiyerekeze kuti sukulu yanu ili ndi webusaiti ndi maimelo okhala ndi dzina la sukuluyo. Kugula seva yakeyake n'kodula, ndiye sukulu imachita lendi kachigawo ka seva ya kampani ina. Zimenezi zimatchedwa shared hosting. Zili ngati mdadada wa nyumba za lendi: aliyense ali ndi chipinda chake ndi kiyi wake, koma geti ndi limodzi. Pa seva imodzi pakhoza kukhala mawebusaiti mazanamazana, a sukulu, a mipingo, a magolosale, a mabungwe, ndipo nthawi zambiri makalata awo onse amatulukira pa adiresi imodzi ya IP.

Mwaona kale pamene pali vuto, eti? Blacklist imalemba geti, siilemba chipinda. Mmodzi yekha mwa alendi mazana aja akayamba kutulutsa spam, onse amakanidwa. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Kalata ya ahedi yotumiza zikalata za wophunzira amene akupempha thandizo la maphunziro kunja ikhoza kubwerera tsiku lomaliza lolandirira mafomu, chifukwa cha webusaiti ya munthu wa ku dziko lina amene sukuluyo sinamumvepo.

Chodabwitsa n'chakuti kawirikawiri wolakwayo si wachinyengo. Naye waberedwa. Makomo amene akuba amalowera ndi odziwika. Loyamba ndi pasiwedi yofooka, kapena imene mwini wake anailemba yekha pa tsamba lonyenga looneka ngati la banki kapena la kampani ya imelo. Wakuba akaipeza amalowa ngati mwini wake n'kutumiza makalata zikwizikwi usiku umodzi. Lachiwiri ndi webusaiti yosiyidwa. Mawebusaiti ambiri amamangidwa ndi WordPress, ndipo amawonjezeredwa timapulogalamu totchedwa plugin. Kapulogalamu kakale kakapezeka ndi chiboo, opanga amatulutsa katsopano kotseka chiboocho, koma mwini webusaiti akapanda kukaika, akuba amalowera pomwepo n'kusiya kafayilo kawo kamene ntchito yake n'kutumiza spam basi. Sachita kusankha munthu. Mapulogalamu awo amangoyendayenda pa intaneti usana ndi usiku, kugwedeza chitseko chilichonse. Lachitatu ndi fomu ija ya pa webusaiti yoti mutilembere, imene ikapangidwa mosasamala ikhoza kugwiritsidwa ntchito kutumizira anthu ena makalata.

Khomo lachinayi ndi limene limandimvetsa chisoni, chifukwa palibe wakuba aliyense. Munthu amauza seva kuti makalata onse obwera ku adiresi yake ya kuntchito izingowapatsira ku Gmail yake. Seva imamvera, n'kumapatsira zonse, abwino ndi spam yomwe. Gmail ikayang'ana imaona spam ikutuluka pa geti la seva ija. Wonyamula katundu wa eni ndiye amaoneka ngati mwini katundu.

Tsekani mpopi musanakolope

Woyang'anira seva akadziwa kuti walembedwa, mafoni amakhala akulira kale, makasitomala akukalipa. Mtima umafuna kuthamangira ku Spamhaus kukapempha kuti amufufute. Ine ndimati kumeneko ndi komalizira. Kukolopa pansi mpopi ukadali wotsegula n'kungotaya mphamvu. Mukafufutidwa spam ikutulukabe, mulembedwanso tsiku lomwelo, ndipo mindandanda ina imayamba kuuma mtima ikaona adiresi yomweyo ikubwererabwerera.

Choyamba n'kuwerenga uthenga wobwerera uja mpaka kumapeto, chifukwa nthawi zambiri umatchula mndandanda umene wakukanani. Pali mawebusaiti ngati MXToolbox amene amafunsa mindandanda yambiri nthawi imodzi. Kenako woyang'anira amatsegula mzere wa makalata odikira kutuluka. Seva yathanzi imakhala ndi ochepa. Akapezamo zikwi makumi, onse a mutu umodzi, opita kwa anthu osadziwika, amaimitsa kaye mzerewo kuti pasatulukenso kanthu.

Apa ndiye pamayamba ntchito ya upolisi. Pulogalamu yotumiza makalata, kaya ndi Exim imene imabwera ndi cPanel, kaya ndi Postfix, imalemba m'kaundula wake kalata iliyonse: nthawi, wotumiza, wolandira ndi njira imene yalowera. Kaundulayu amatchedwa log. Ngati spam yalowa ndi pasiwedi yobedwa, log imaonetsa dzina la akauntiyo, ndipo kawirikawiri mumaona akaunti imodzi ikulowedwa kuchokera ku mayiko angapo pa ola limodzi, chinthu chimene munthu wa miyendo iwiri sangachite. Ngati yachokera pa kafayilo kobisika, log ya Exim imaonetsa foda imene kafayiloko kali. Zikadziwika, pasiwedi imasinthidwa, kafayilo kamachotsedwa, ndipo chiboo chimene akuba analowera chimatsekedwa. Gawo lomalizali ndi limene aulesi amadumpha. Kuchotsa kafayilo n'kusiya plugin yakale kuli ngati kuthamangitsa mbuzi m'munda osakonza mpanda. Makalata a spam otsala pa mzere amafufutidwa, mosamala kuti abwino asapite nawo.

Zikatha zimenezi m'pamene amapempha kufufutidwa. Mindandanda imasiyana. SpamCop imachotsa yokha adiresi pakatha pafupifupi maola 24 popanda dandaulo latsopano. Spamhaus ili ndi tsamba lofufuzira adiresi ndi kupemphera, ndipo siilipiritsa. Pempho labwino ndi lalifupi ndi loona: chinachitika ndi ichi, tachikonza motere, kuti chisabwerenso tachita izi. Kukalipa kapena kuopseza ndi maloya sikufulumizitsa kanthu. Dziwaninso kuti Gmail ndi Outlook ali ndi mabuku awoawo amene saonetsa aliyense. Mukhoza kuyera pa mindandanda yonse yapoyera koma makalata anu n'kumagwerabe mu foda ya spam kwa masiku kapena masabata, mpaka iwo ataona okha kuti khalidwe lasintha.

Wina angafunse kuti bwanji osangosintha IP? Zimatheka, koma ngati chiboo chikadalipo, yatsopanoyo ilembedwanso. Komanso adiresi yatsopano ilibe mbiri, ndipo ikangoyamba ndi makalata ambirimbiri imakayikiridwa ngati mlendo amene wafika pamudzi lero n'kuyamba kugogoda nyumba iliyonse. Choipa kwambiri n'chakuti kudumphadumpha pa maadiresi ndi khalidwe lenileni la ofalitsa spam. Alonda akaliona, akhoza kulemba maadiresi onse a kampaniyo, osati imodzi yokha.

Kampani yanzeru siidikira zonsezi. Imaika malire a makalata amene akaunti imodzi ingatumize pa ola, kuti pasiwedi ikabedwa pawonongeke zochepa. Imasefa makalata otuluka monga imasefera olowa. Imatsekanso khomo nambala 25, limene maseva amalankhulirana, kuti mawebusaiti wamba asatulukirepo mwa iwo okha. Google Cloud, mwachitsanzo, imatseka khomo limeneli kwa makasitomala ake.

Batani lija mumadina

Tibwerere ku madandaulo. Mukadina batani loti uthenga uwu ndi spam, sikuti mwangousuntha. Mwaponya voti yotsutsa wotumizayo. Yahoo ndi Microsoft ali ndi dongosolo loti wotumiza amene analembetsa azilandira kope la uthenga umene wadandaulidwa, kuti adziwe amene akuchita zimenezo pa seva yake. Gmail siitumiza makope. Imangoonetsa chiwerengero chonse pa chida chake chotchedwa Postmaster Tools. Kuyambira February 2024, Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo, ndipo malire ake ndi 0.3 peresenti. Tiwerengere limodzi: pa makalata 1,000, anthu atatu okha akadina batani lija, mwafika kale pa malire. Google imalangizanso kuti ndi bwino kukhala pansi pa 0.1 peresenti, kutanthauza munthu mmodzi pa 1,000.

Atatu pa 1,000 ndi ochepa kwambiri, ndipo si onse odandaula amene alandira spam yeniyeni. Ena analembetsa okha kuti azilandira nkhani za bungwe linalake, kenako anatopa nazo, ndipo batani la spam ndi limene linali pafupi. N'chifukwa chake malamulo omwewo amati amene amatumiza makalata 5,000 kapena kuposerapo pa tsiku ku maadiresi a Gmail aziika njira yosiyira kulandira ya kungodina kamodzi. Wotumiza wochenjera amaika njira imeneyi poonekera, chifukwa munthu wochoka mwamtendere samuwonongera mbiri. Amaonetsetsanso kuti aliyense wolembetsa watsimikiza kudzera pa kalata yoyamba kuti adiresiyo ndi yakedi. Kugula mndandanda wa maadiresi, ngakhale wogulitsa atalumbira bwanji, n'kugula misampha.

Madandaulo ena amabwera ngati kalata wamba. Kuyambira 1997 pali lamulo la pa intaneti loti kampani yoyendetsa netiweki izikhala ndi adiresi yoyamba ndi abuse@ yolandirira madandaulo. Maadiresi a IP amagawidwa ndi mabungwe a m'zigawo za dziko lapansi, ndipo la ku Africa ndi AFRINIC, limene lili ku Mauritius. Aliyense akhoza kufufuza m'kaundula wa mabungwewa n'kudziwa mwini adiresi ndi kumene angadandaule. Kampani imene siiwerenga bokosi limeneli imadzadzidzimuka italembedwa, chonsecho chenjezo linafika kalekale. Koma kuweruza dandaulo kumafuna mutu. Kasitomala woberedwa amafunika kuthandizidwa. Wosasamala, amene amatumizira anthu osamupempha, amafunika chenjezo ndi kuphunzitsidwa. Wochita dala amafunika kutulutsidwa, ngakhale akhale wolipira bwino kuposa onse, chifukwa ndalama zake sizingalipire mbiri ya alendi ena onse aja.

Chidindo pa kalata

Vuto lija loti aliyense akhoza kulemba dzina la mnzake kumbuyo kwa envulopu silinasiyidwe choncho. Akatswiri anawonjezera zida zitatu, ndipo zonse zimatsamira pa DNS yomwe ija. SPF ndi chilengezo cha mwini dzina: makalata a sukulu yathu amachokera pa maadiresi awa okha. DKIM ndi chidindo cha masamu. Seva imakhala ndi makiyi awiri, wachinsinsi ndi wapoyera. Imadinda kalata ndi wachinsinsi, ndipo wolandira amatenga wapoyera ku DNS n'kutsimikiza kuti chidindocho n'chenicheni ndiponso kuti kalatayo sinasinthidwe panjira. DMARC imauza wolandira chochita ngati kalata yalephera mayeso amenewa, kaya ailole, aiike mu spam, kapena aikane, ndipo imachititsa kuti mwini dzina azilandira malipoti.

Zida zimenezi sizinena kuti kalata ndi yabwino. Wofalitsa spam nayenso akhoza kudinda makalata ake bwinobwino. Zimene zimachita n'kutsimikiza kuti wotumiza ndi ndani, ndipo zikatero mbiri ikhoza kumangiriridwa pa dzina, osati pa geti lokha. Kwa alendi a pa seva imodzi aja, imeneyi ndi nkhani yabwino, ngakhale kuti mindandanda ya IP ikugwirabe ntchito mpaka pano.

Kodi monita amalakwa?

Amalakwa, ndipo funso loti anamusankha ndani n'lomveka. Mabungwewa si boma, si khoti, koma akhoza kuimitsa bizinesi ya munthu. Mu 2006 kampani ya e360 Insight inasumira Spamhaus ku khoti la ku Illinois ku America chifukwa choilemba. Spamhaus inati khotilo lilibe mphamvu pa bungwe la ku Britain ndipo inasiya kudziteteza, choncho inalamulidwa kulipira madola 11.7 miliyoni. Mlanduwo unapitirira, ndipo mu 2011 khoti la apilo linatsitsa ndalamazo kufika pa madola 3. Atatu basi. Ena sapita ku khoti. Mu March 2013, Spamhaus italemba kampani ya hosting ya ku Netherlands yotchedwa CyberBunker, maseva ake anaukiridwa ndi chigumula cha mauthenga chofika pafupifupi magigabiti 300 pa sekondi, chimodzi mwa ziwembu zazikulu kwambiri za mtunduwu pa nthawiyo.

Kwa ine, mndandanda wabwino umadziwika ndi zinthu zosavuta: umanena chifukwa chimene wakulemberani, umafufuta vuto likatha, ndipo sufuna ndalama. Ilipo ina imene imalemba netiweki yonse ya kampani chifukwa cha olakwa ochepa, kenako n'kumati amene akufuna kuchotsedwa msanga alipire. Imeneyo ndimaiona ngati munthu amene wagwetsa mtengo pamsewu n'kumalipiritsa odutsa. Woyang'anira seva asanatulutse ndalama, ayambe waona ngati pali kalata ngakhale imodzi imene yabwerera chifukwa cha mndandanda umenewo. Nthawi zambiri sipakhala.

Ngati kusukulu kwanu kuli chipinda cha makompyuta chokhala ndi intaneti, mukhoza kufunsa monita nokha. Malamulo a mindandandayi amati adiresi ya 127.0.0.2 izikhala yolembedwa nthawi zonse kuti anthu aziyesera, ndipo ya 127.0.0.1 isalembedwe konse. Pa Windows tsegulani Command Prompt, lembani nslookup 2.0.0.127.zen.spamhaus.org, n'kudina Enter. Muyenera kulandira mayankho oyamba ndi 127.0.0, kuphatikizapo 127.0.0.2. Kenako sinthani 2 woyambayo akhale 1, muone DNS ikukuuzani kuti dzinalo kulibe. Mukalandira 127.255.255.254, kompyuta sinawonongeke. Yankho limenelo likutanthauza kuti funso lanu ladzera pa DNS ya anthu onse, imene Spamhaus siiyankha, ndiye pemphani aphunzitsi a kompyuta akuthandizeni kuyesa ndi DNS ya kampani imene imakupatsani intaneti.